Mnyamata wa m'buku sanabwelele

Lachinayi, ku Ndake. Mtima sunakhale pansi lelo.

Buku lopata mphoto lija anandigulila mwana wanga ku Petauke, ndinalonjeza kulitsiliza tisanayambe kutola thonje. Zilembo ndinazidziwa nditamela kale imvi, choncho ndimawelenga pang'onopang'ono, nkumakasimbila aMumba, alamu anga osaona.

Lelo ndafika pamene mnyamata wa m'nkhaniyo wafela kumigodi. Mwana wa aMumba nayenso anapita kumigodi osabwelako. AMumba atandifunsa kuti, "Nanga alamu, wafika kwa amake?" ine ndati wafika, wawabweletsela ndi bulangete latsopano.

Aseka mpaka misozi, ati bukuli mphoto linayeneladi. Ine ndangoyang'ana pansi.

Mawa abwelanso kudzamva ngati mnyamatayo akwatila, pomwe masamba otsatila onse ndi a malilo ake.