Thukuta la malata

Loweruka, mwezi wa Juni, ku Dambwa. Kwazizira, koma lero mtima wakhalako pansi.

Shedi ya mapaipi ndi malata imene tikugonamo yakhala ikudontha m'mawa uliwonse, pomwe mvula inaleka kalekale. Madontho amagwera pamene pagona Mutinta, ndipo chifuwa chake sichikutha. Mwana wathu, wa miyezi inayi yokha. Ine ndinkati ndi mabowo a misomali, ndinamata phula paliponse, osathandiza.

Masana kunabwera Ba Mubita, aneba athu achikulire ogwira ntchito kunjanji. Anayang'ana kudenga n'kuseka. "Iwe mwana, iyi si mvula. Ni mpweya wanu na mbaula. Ukagunda malata yozizira, malata yachita thukuta."

Ndinawaonetsa matumba a feteleza amene ndinkafuna kumata pamalata penipeni, poti pulasitiki m'masitolo mulibe masiku ano. Anati, "Awe! Mphasa ziyambe kumwamba, usiye mpata wa zala zitatu mphepo izipita. Matumba yabwere pansi, kumbali kwa anthu, kuti mpweya usakwere."

Ntchito amaidziwa bambo aja. Anatsuka matumba, kuwang'amba, kuwasoka mosanjikiza ngati mamba a nsomba, n'kuwamanga ndi waya kumapaipi. Amake Mutinta atafuna kuwaphikira tiyi anakana. "Sungani shuga, muli na mwana."

Mphasa zakwanira theka la denga basi, ndiye tasunthira mwana kumeneko. Potsazika, Ba Mubita anati mawa tambala akalira ndikhudze bulangete la mwana. Likakhala louma, ndiye kuti ntchito yatheka.