Buluku la Apongozi

Okondedwa achemwali a Bessie,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako pamodzi ndi ana. Ine ndilipo, a kukoleji atitumiza kuno ku Mzimba kudzaphunzira ntchito ya mu ambulansi.

Lachiwiri tinaitanidwa ku Champhira, ati ngolo yagwera munthu. Titafika ndinapeza kuti ndi apongozi anga, bambo a amuna anga a Nason. Mukudziwa kuti kuno mkamwana, ndiye kuti mtengwa, sayandikira apongozi aamuna. Achemwali, ndinagwada chapatali n'kuyamba kupereka moni, magazi akutuluka pantchafu pawo. Mphunzitsi wathu anandikalipira pagulu: "Nelia, wabwera kudzacheza? Tenga sizasi udule bulukulo."

Ndinadula, mudzi wonse ukuona. Ndikumanga balalo apongoziwo anayang'ana kumbali, kenako tinawatengera kuchipatala.

Madokotala akuti mwendo wapulumuka. Koma kuwodiko ndimadutsa chozyolika. Apongozi aakazi akabwera ndi chakudya amalonjera anzanga onse, ine n'kundilambalala. A Nason anaimba foni kuchokera ku Joni, anangofunsa ngati maphunzirowa ndikufunadi kuwamaliza.

Amayi musawauze kaye. Kodi kachipinda kanga kaja mukusungiramobe chimanga?

Ndine mng'ono wanu,
Nelia