Ndaima Pakhomo Panu, Achimwene

Kekaha, Kauai
12 Okutobala

Okondedwa achimwene Kahiau,

Ndikhulupirira muli bwino ku Las Vegas kumeneko, ndipo dzuwa la m'chipululu silinakuumitseni pa madenga mukukhoma aja. Nanga msana uja unaleka? Kuno tonse tilipo. Shuga wa amayi watsikako, ngakhale akubisabe maswiti m'thumba la diresi. Mwana wanu Pililani waguluka dzino lakutsogolo, ndipo mpatawo akuonetsa aliyense, ngakhale wobweretsa makalata.

Musadabwe kuti ndalemba papepala foni ilipo. Pafoni mukanandidula mawu, inenso ndikanakudulani, monga timachitira.

Munamva kale kuti akazi anu, alamu anga a Lokalia, anawachotsa m'kalasi n'kuwapititsa kukhitchini ya sukulu. Iwo anakuuzani kuti ndi lamulo chabe. Lamulolo lilipodi, koma linali chigonere m'kabati zaka zonsezi. Amene analidzutsa ndine.

Mukudziwa mmene ndinabwerera kuchokera ku yunivesite ku Hilo. Ndinali ndi digiri ndi fayilo yonenepa ya mapulani. Ndinkafuna kuti pomatha zaka zisanu, mwana wa pa sukulu ya boma ino aziphunzira masamu, sayansi, chilichonse m'Chihawai, kuyambira kalasi yoyamba mpaka kumaliza. Agogo anakwapulidwa kusukulu chifukwa cha chinenerochi. Bambo anamwalira akudziwa mayina a zakudya ndi mawu otukwana okha. Ine ndinati zimenezi zithere pa ine. Zaka zinayi ndinaloweza, ndinalemba mayeso, ndinalira. Inu munangokwatira mkazi wa ku chilumba cha Niihau amene anachiyamwira kubere, ndipo mpaka lero mumawayankha m'Chingerezi.

A Tanigawa, mphunzitsi wamkulu, anandipatsa kalasi yoyamba, ana makumi awiri ndi awiri. Alamu anawalemba kuti azindithandiza. Kuthandiza, achimwene: kupukuta mamina ndi kusongola mapensulo.

Inu simunaphunzire m'kalasi yotere, choncho ndikuuzeni. M'mawa ana sangolowa ayi. Amavula nsapato, amafola panja, n'kuimba oli, nyimbo yathu yakale ija yoodira pakhomo. Mphunzitsi amamvetsera ali m'kati. Akakhutira amayankha ndi oli wowalandira, ndipo m'pamene anawo amalowa. Akapanda kuyankha, amaimabe pomwepo n'kuyambiranso.

Yankho langa ndinaliloweza bwino, silisowa ngakhale kadontho. Koma tsiku lina chimfine chinanditseka pakhosi, ndiye ndinapempha alamu kuti ayankhe. Iwo sanaimbe za m'buku. Anaikamo mvula imene inagwa m'mawa umenewo, anatchulamo dzina la kamtsikana kamene kanadwala sabata yonse, kuti pamalo pake pankatisowetsa mtendere. Ana analowa ngati akulowa m'nyumba ya amayi awo. Kuyambira tsikulo, ndikamayankha ine, timaso tawo tinkasuzumira kumbuyo kwanga.

Makolo anayamba kuwatchula kuti kumu, aphunzitsi. Ine ndinangokhala "mtsikana wa ku Hilo uja". Ngakhale amayi athu omwe! Lamulungu lina tikudya poi, phala lathu la koko lija, ndi nsomba, amvekere Lokalia akamayankhula ndimamva mawu a malemu amayi anga, koma Hulali wangayu akayamba ndimangoona ngati wina watsegula wailesi nthawi ya nkhani. Onse anafa nalo phwete. Nanenso ndinaseka nawo mokakamiza.

Chimene chinandimaliza ndi alendo a zamaphunziro ochokera ku Honolulu. Ndinakonzekera milungu iwiri, makoma onse ndinamata zithunzi ndi manja angawa. Alendowo anamvetsera oli wa m'mawa, ndipo ana atakakamira alamu, anayankha ndi iwo. Mayi wina mpaka anapukuta misozi, kenako anatulutsa nkhata yamaluwa n'kuwaveka. Ine anandipatsira foni. Amvekere mtsikana iwe, tatijambula, utenge ziwiri, china choimika.

Tsiku lomwelo ndinalemba kalata yopanda dzina kupita ku ofesi, yonena kuti munthu wopanda satifiketi akutsogolera kalasi. Bodza munalibemo. Ndinadziuza kuti ndikuteteza ntchito yathu, kuti anthu amene safuna Chihawai m'sukulu asatipezere chifukwa. Koma pomata envulopu ija, chimene ndinkaona m'maso mwanga ndi maluwa aja.

Lolemba lapitali linali tsiku loyamba alamu ali kukhitchini. Ana anafola, anaimba, ine ndinayankha bwino lomwe. Palibe anasuntha. Anayambiranso. Pililani wanu anali kutsogolo, mawu akutulukira pa mpata uja, koma nkhope ataloza kukhitchini. Ndinayankha kachiwiri mokweza. Zii. A Tanigawa anali ataima pakhonde, akuyang'ana ana, akuyang'ana wotchi.

Kenako chitseko cha khitchini chinatseguka. Ndinati basi, abwera kudzayankha kuti sukulu yonse ione amene ali mwini kalasi. Koma ayi. Anavula masilipasi, kaukonde kophikira kali kumutu, n'kukaima kumbuyo kwa mzere ngati mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndipo anayambitsa okha oli woodira. Kupempha ine, achimwene. Ana anawatsatira. Ndinayankha, ana analowa, iwo anatola masilipasi awo n'kubwerera ku miphika ya mpunga.

Mukudziwa chimene ndinamva? Si chisoni chimene chinayamba kubwera. Inali nsanje yomwe ija. Ndinati ngakhale kudzichepetsa komwe akundiposa.

Dzulo masana ndinapita kunyumba kwanu. Sindinakankhe geti monga mwa masiku onse. Ndinavula nsapato n'kuyamba kuodira ngati ana aja, galu wanu akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Alamu anali pakhonde akutunga tizigoba tawo ta kunyanja topangira mikanda. Osadzutsa n'komwe mutu, amvekere alamu, mukuthamanga ngati basi ikukusiyani, pumani kaye, yambiraninso. Ndinayambiranso. Sanayankhe.

Ndiye ndinaulula zonse nditagwira mpanda. Iwo akuti anadziwa tsiku limene a Tanigawa anawawerengera kalatayo. Akuti pachilumba chonse chino ndani wina amene amaneneza munthu ndi mfundo yoyamba, mfundo yachiwiri, mpaka mfundo yachitatu gawo lachiwiri? Anaseka, koma maso anali psuu. Akuti khitchini siikuwawawa, ana amawaonabe pogawa chakudya. Chikuwawawa n'chakuti Pililani anawafunsa ngati Chihawai cha kunyumba kwawo n'cha kukhitchini, ndipo cha m'kalasi n'cha azakhali.

Achimwene, zaka zinayi ndinaphunzira kuti mwana aliyense asadzafunsenso funso lotere. Ndipo amene ndamufunsitsa ndi mwana wa mlongo wanga.

Ndinapempha kuti ndilowe tikambirane. Anakana mofatsa. Akuti khomo ili si lawo okha. Akuti tsiku limene munkanyamuka, pabwalo la ndege, munandigwira paphewa n'kunena kuti Hulali, banja langa ndasiya m'manja mwako. Choncho amene ayenera kundiyankha ndinu, ndipo muzimve kwa ine, osati kwa iwo. Mukayankha, geti ndi lotsegula.

Lachinayi ndikaonana ndi a Tanigawa kukawauza kuti kalata ija ndi yanga, ndi chifukwa chenicheni chimene ndinailembera. Ankandiganizira zoti chaka chamawa ndidzatsogolere makalasi onse a Chihawai. Zimenezo mwina zathera pomwepa, ndipo sindikunamizani kuti sizikundipweteka. Zikundipweteka kwambiri. Ndafufuzanso njira yoti alamu apezere satifiketi akugwira ntchito, ndipo mapepala ake ndiwalembera ndine ngati angalole. Pulaniyo ili ndi mfundo zisanu ndi ziwiri. Manambala ndafufuta.

Sindikulonjeza kuti nsanje yatha. Mawa akadzatsegula pakamwa idzandilumanso, chifukwa chimene ali nacho iwo palibe yunivesite imene ingandipatse. Koma ndaona kuti ana aja sangalowe pa khomo limene ndawatsekera ndekha.

Mundiperekere moni kwa asuweni athu a Kamuela ndi banja lawo, muwauze kuti amayi akudikirabe zithunzi za khanda lija. Muzimwa madzi ambiri padengapo. Mulungu akusungeni, akubwezereni kwa ife muli amphumphu.

Kalata ino ndiye oli wanga, achimwene. Nsapato ndavula, ndaima panja. Mundikalipire mmene mungafunire, m'Chingerezi chanu chomwecho, ndimva. Koma musakhale chete, pakuti kwathu kuno wosayankhidwa salowa.

Ine mlongo wanu,
Hulali