Nyimbo Yatsopano ya Pang

3 Novembala, Lolemba
Mvula sikutha muno mu Taipei. Bondo likuwawa.
Pang Jui-sheng watumiza nyimbo pa foni, yoyamba chimupezereni matenda oiwalaiwala aja. Monga mwa nthawi zonse, piyano ndi "la la la" wa mawu ake osasa. Iye amapeka kaimbidwe, ine n'kuikamo mawu pambuyo. Takhala tikutero kuyambira nthawi ya makaseti. Uthenga wake: "Kuei, iyi yabwera yokha ndikusamba. Usaiwononge ndi mawu ako a pamaliro aja."
Ndamvera, ndamveranso. Si yatsopano. Ndi "Ambulera Yobwereka", imene tinapeka limodzi tili achinyamata. Ngakhale wogulitsa mbatata zootcha pakona apa amaiimba. Mwini wake yekha ndiye sakuizindikira.

4 Novembala
Sindinamuyankhe. Ndachapa makatani osada n'komwe.

6 Novembala
Tiyi ndi mwana wa Pang, Hsiao-tung. Wawonda mtsikanayu. Akuti ku sewero la pa TV lija, komwe Pang amasewera ngati agogo, amulanda mawu onse poti sakuwasunga m'mutu. Amangomugoneka pabedi, kamera n'kumadutsa. Akabwera kunyumba ankangoti duu, maso kukhoma. Koma chibwerere nyimboyi akumeta ndevu, akudya, akukalipira anthu ngati kale.
"Mayi Kuei, musawauze, chonde. Ingolembani chilichonse."
Chilichonse. Munthu amene anandibwezerapo mzere umodzi mpaka ndinalira mu situdiyo, ati liwu lina silikukhala bwino pakamwa pa woimba. Ameneyo ndimunamize ine? Zandikwiyitsa, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

9 Novembala
Pang waimba foni. Akufuna kupita nayo nyimboyo ku kampani yojambula nyimbo, akaipatse kamtsikana kena kongoyamba kumene. Sakamseka pamaso, ndipo n'zimene zikundiopsa. Akamuweramira, "Zikomo Aphunzitsi Pang, ndi yokoma," iye akangotuluka n'kuyamba kuuzana mpaka tauni yonse imve.
Ndamuuza kuti adikire kaye mawu. Iye akuti, "Wakalamba iwe. Kale unkamaliza tiyi asanazizire."
Ndikamuuza zoona ndamupha. Kukhala chete nakonso n'kumuperekeza kokachita manyazi. Ndakhala pampando mpaka mpunga wapserera.

13 Novembala
Ndayesa kulemba, n'cholinga chongochedwetsa zinthu. Ntchito yowawa. Paliponse pamene ndikufuna kuika liwu, lakale lakhalapo kale ndipo silikusuntha. Ndamaliza komabe, za bambo wodikira mwana wake pa siteshoni. Zopanda mchere. Ndikuchita nazo manyazi.

15 Novembala, Loweruka
Kwa Pang. Ndinanyamula malalanje. Ndinampeza atavala malaya oyera, tsitsi lopesa bwino. Anawerenga pepala langa n'kuti, "Sizoipa kwenikweni." Kwa Pang kumeneko ndiye kuyamika.
Anakhala pa piyano. Ndime yoyamba anaimba mawu atsopanowo, maso papepala. Pofika pa kolasi anatsinzina monga amachitira, ndipo pakamwa pake panatuluka mawu akale aja, onse, osaphonya ngakhale limodzi. Hsiao-tung anangoima pakhomo la khitchini, lalanje losenda theka m'manja.
Analeka kuimba. Anayang'ana pepala, kenako ine. "Awa palibe apa. Ndawatenga kuti?"
Mpata unali umenewo. Ndinatsegula pakamwa, koma maso ake anali akuwala ngati a mwana amene watola ndalama panjira. Ndinangoti kaya.
"Ndi abwino kuposa akowa, Kuei. Ukuona? Ndayamba kupeka ndi mawu omwe, ntchito yakuthera. Lemba msanga ndisanaiwale."
Ndinatenga cholembera. Iye akutchula, ine ndikulemba, mzere ndi mzere, mawu anga omwe a kalekale. Pena dzanja linkathamanga kutsogolo kwake, ndinkachita kuligwira. Pansi anati ndilembe dzina lake lokha, ndipo ndinalemba. Akuti Lolemba tipitire limodzi ku kampani, ndikaone mmene akadabwire.
Ndalirira m'basi, nkhope kuwindo.

16 Novembala
Mawa ndi Lolemba. Hsiao-tung sakuyankha foni. Diresi ndasita.