Achule a ku Kamphande

Lolemba, 7 Okutobala

Ndakwiya mpaka mutu ukuwawa. Amayi atumiza voisi m'mawa ndili m'basi yakuntchito. Akuti achimwene a Macfussy anakumba ngalande pakati pa dambo lathu la Kamphande kuti liume adzalepo mbatatesi. Anayamba mu Juni! Palibe anandiuza. Chitsime chathu chili pamenepo, bango la mphasa za amayi lili pamenepo. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa amayi amakaima m'mbali mwake ndi foni, kundijambulira achule akulira, ine n'kumamvera kuno chaka chonse.

Ndawaimbira achimwenewo. Akuti, "Eveless, iwe uli ku Qatar, za madambo zisiye." Koma anthu ena!

Lachitatu, 9 Okutobala

Tsiku lonse kudzaza mapoto a maluwa kunazale kwathu ku Al Aziziya. Mchenga wakuno sumeretsa kanthu, ndiye amagula dothi lakuda la m'matumba, amati piti. Ndaligwira zaka ziwiri osaganizapo. Lero ndalinunkhiza. Fungo lake la Kamphande ndendende.

Ndafunsa supavaiza kuti limachokera kuti. Akuti m'madambo a ku Ulaya. Ndi zomera zowolerana pansi pa madzi kwa zaka zikwizikwi, amaumitsa dambolo n'kumakumba. Ndati nanga mbalame za kumeneko zimapita kuti? Wangoti, "Yala yala, fulumira, gwira ntchito."

Lachinayi, 10 Okutobala

Twaibu wa ku Mangochi, mnzanga wapantchito, dzulo anataya kandudu ka fodya m'thumba la piti louma. Lero tapeza theka la thumba ndi phulusa. Lawi ayi, kautsi chabe. Tathira madzi, pamwamba pazima, ndapisa dzanja mkati ndapsa chala. Supavaiza wakalipa, Twaibu akuseka.

Ine kuseka kunalibe. Uno ndi mwezi womwe kwathu amatentha dambo, anyamata asake mbewa, ng'ombe zipeze msipu watsopano. Zaka zonsezi pansi pamakhala madzi, moto umangodutsa pamwamba. Chaka chino pansi pauma.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndili pa ofu. Ndaimba ndili pamasitepe a fulati yathu ku Rawdat Al Khail, m'chipinda anzanga akugona.

"Achimwene, chonde musatenthe. Yambani mwakwirira ngalande ija. Dothi lakudalo likauma limayaka."

Kuseka kwake! "Dothi kuyaka? Mwayamba kusuta chamba kumeneko eti? Agogo ankatentha, abambo ankatentha. Linayakapo liti?"

"Iwowo sanakumbe ngalande!"

"Kuthirira maluwa a Aluya ndiye wasanduka mlangizi?" Foni thi.

Ndaimbira amayi, akuti, "Ndiye bambo wa pakhomo pano, ine ndinganene chiyani?" Mawu amenewa amandipsetsa mtima kuposa mwano wa achimwene. Dambolo ndi la amayi, anasiyiridwa ndi amayi awo.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Atentha.

Loweruka, 26 Okutobala

Likuyakabe. Alamu anga a Mwawi, akazi awo a achimwene, anditumizira vidiyo mobisa. Udzu unatha tsiku lomwelo koma nthaka ikufuka, apa utsi, apo utsi. Ng'ombe ya a neba inatitimira mwendo m'phulusa, yapsa, aizinga. Ana apeza katumbu wakufa m'ngalande muja, ubweya wonse wowauka. Ine ndinakula ndikungoona mapazi ake m'matope, ndamuona koyamba ali chomwecho, pafoni. Akakowa anathawa. Nantchengwa uja wa mu mkuyu wasiya chisa chake.

Chitsime chauma gwa. Amayi ndi mawondo awo owawa aja akukatunga kumjigo wa kusukulu.

Ndiye mudziwe zomwe achimwene achita. Apita kwa sing'anga! Akuti alipo wina wawachitira nsanje, moto wa pansi pa nthaka si wabwinobwino. Ufiti wake uti? Mfitiyo inagwira khasu mu Juni, ndipo dzina lake ndikulidziwa.

Lolemba, 28 Okutobala

Ndakalipira Twaibu popanda chifukwa. Anangondifunsa za kumudzi. Nditamufotokozera wapita kukatola matumba onse amene anali padzuwa.

Kwabwera lole ina yodzaza piti. Ndaima n'kumaiyang'ana. Limenelinso linali dambo la eni ake, linali ndi achule ake. Ife tikulithira m'mapoto a pakhomo la hotela, maluwa akafota likukatayidwa kudzala.

Lamulungu, 3 Novembala

Achimwene aimba okha. Poyamba sindinayankhe, ndimati amveko kuwawa. Kachitatu ndayankha. Kamawu kakang'ono, osati kaja.

"Achemwali, kodi dothi lakudalo kumeneko mumalizimitsa bwanji?"

Lero ndasanduka achemwali. Ndinafuna kunena zambiri. Ndangoti tsekani ngalande, madzi abwerere, ndowa sizingathandize. Akuti ayamba mawa ndi matumba a dothi. Mbatatesi sanatchule, inenso sindinafunse. Kukhululuka ndiye ayi, sindinafikepo.

Lachitatu, 20 Novembala

Mvula yagwa kwathu dzulo. A Mwawi akuti utsi watha, koma pakati pa dambo pakumbika chidzenje, phulusa lokhalokha.

Voisi ya amayi yafika ndili m'basi. Ndavala mahedifoni. Ndikumva mvula ikuwaza, mapazi awo m'matope, kupuma kwawo. Ndadikira. Ndakweza voliyumu mpaka kumapeto, ndimayesa foni yawonongeka.

Kenako amayi: "Mwanawe, ndaima mpaka ndanyowa. Sakulira."

Akutinso, "Kodi achule a chaka chatha aja ukadali nawo mufonimo? Unditumizireko. Kuno kwachita zii, tulo sitikubwera."

Basi inali itafika, anzanga akutsika, dalaivala akuti yala. Ndakhalabe pampando mpaka ndaipeza voisi ija. Ndawatumizira.