Tsiku Limene Ndinazonda Mlamu Wako

Wokondedwa mlongo wanga Mitsue,

Kaya uli bwanji ku Sapporo kozizirako? Nanga alamu ndi ana? Ife kuno ku Tokyo tikudzuka, kupatula bondo langali.

Ndikulengeza mwaulemu ku mtundu wonse wa Japan kuti ine, mlongo wako, ndagula chipewa.

Ukudziwa kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikupha anthu papepala, m'zipinda zokhoma, kenako wapolisi wanga n'kusonkhanitsa onse pabalaza, n'kuloza wakupha. Tsono wosindikiza mabuku anga akuti owerenga atopa nazo, akufuna za akazitape. Akuti madala, tulukaniko m'nyumba, mukaphunzire kulondola munthu osaoneka. Chipewacho n'cha ntchito imeneyo.

Ndinasankha kuphunzirira pa mkazi wanga, mlamu wako Sumako, poti atandigwira sanganditengere kupolisi. Lachinayi anati akukagula nsomba, koma ndinaona wapaka milomo. Nsomba zake ziti zofuna milomo yofiira? Msika anaudutsa osacheuka, n'kukwera sitima. Mitsue, m'sitimamo nthabwala zinandithera. Mwamuna amene ndinkaganiza kuti akukakumana naye ndinayamba kumuona m'maganizo: wamtali, tsitsi lonse lilipo.

Anatsikira ku Shinjuku, n'kulowa m'nyumba ya tiyi, imodzi mwa zija makasitomala amaimbira pamodzi. Ndinasuzumira pazenera. Mwamuna analipodi, nkhalamba yoliza akodiyoni, mano atatha kale. Mlamu wako ali pakati pa amayi anzake, kukuwa nyimbo mophonya. Wina anamunena kuti mawu akewo angagwetse khwangwala m'mwamba, iye n'kubweza kuti bola iye, mnzakeyo akaimba agalu amasamuka. Kuseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa kimono.

Mtima unagwa pansi moti pobwerera ndinadya mbale ziwiri za soba, chakudya chonga supageti chija, chipewa n'kuchiiwala komweko.

Madzulo anabweradi ndi nsomba. Tiyi anandiikira pakhomo la chipinda cholembera monyang'ama, monga mwa masiku onse, kuopa kundisokoneza. Lilime linandiyabwa kuti ndimuitanire pabalaza ndimuonetse nzeru zanga. Ndinadzigwira. Ndikangoulula, malo akewo ndamulanda. Iwenso usamuuze, ndapota nawe.

Bukulo likuyenda, banja lili bwino, ndikugona tulo. Kungoti, mlongo wanga, ndakalamba naye mayi ameneyu osadziwa kuti amaimba. Sindikudziwa ngati kunyumba kuno anasiya yekha kapena ndinamusiyitsa ndine, ndipo tsopano sindingamufunse.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana. Makolo athu akusungeni m'chisanu chikubwerachi.

Ine mlongo wako,
Tsunehiko