Kampira ka Poto wa Mwanaidi

Lamulungu, 9 Novembala 2025

Aubrey wandibweretsera nkhumba. Makilogalamu atatu, ya paphewa, yokulunga m'majumbo awiri ngati waba. Kuno kwa Aluya nyama imeneyi sugula pamsika, pamafunika chiphaso, ndipo chiphasocho amapatsa anthu a malipiro ooneka. Aubrey yemwe uja ankakopera manotsi anga a sayansi ya zakudya kuyunivesite, lero ndi bwana woyang'anira ukhondo wa zakudya kukampani ina. Iye anamaliza. Ine ndinalekera chaka chachitatu, ndiye ndikutsuka mapoto a hotelo ku Al Dafna.

Akuti, "Esnat, ndinakumbukira kuti umaikonda." Ndathokoza pang'ono chabe, angazolowere.

Zaka ziwiri osailawa. Ndainunkhiza ili yaiwisi, palibe amene anandiona.

Vuto ndi Mwanaidi. Timagona chipinda chimodzi kuno ku Rawdat Al Khail, ndi Msilamu wa ku Namwera, amaluka tsitsi kusaluni, ndipo ndi munthu yekhayo m'dziko muno amene amapirira pakamwa pangapa. Ndamuuza zoona asanavule n'komwe nsapato. Wayang'ana jumbolo ali patali.

"Idyani Aprofesa, mimba ndi yanu. Koma isakhudze chiwiya changa ngakhale chimodzi. Ikadzakhudza, ine ndikusamukira kwa msuweni wanga ku Al Asmakh, khalas, basi."

Wanena akuseka, koma Mwanaidi sabwereza mawu kawiri. Tagawana filiza. Shelufu yam'mwamba yake, yam'munsi yanga, kuti pasadonthere kanthu pa nkhuku zake.

Lolemba, 10 Novembala

Pulani yake ndi iyi: ndiphike kamodzi, ndiinyenyenyenye, ndiike m'makontena, mufiliza. Ndikaweruka miyendo itatupa ndizingotenthetsa. Ndatopa ndi mazira ndi buledi.

Wophika wina kuntchito, m'Filipino, wandilongosolera kaphikidwe kake ngati akuphunzitsa mwana. Ndamusiya alankhule. Zinthu izi ndinalemba nazo mayeso iye asanadziwe kusenda anyezi. Koma za utsi wandiuza ndi mnzake, Mmwenye, ndipo izi sindinkazidziwa: nyama ikapsa, umayatsa khala limodzi, kuliika m'kachitini pakati pa nyamayo, kudonthezera mafuta, n'kuvindikira. Ati imamveka ngati yaotchedwa pa nkhuni.

Ndagula poto wa pulesha wakale kwa mayi wina wa ku Kenya amene akubwerera kwawo. Wofanana ndendende ndi wa Mwanaidi. Ndagulanso mpeni, thabwa lodulira ndi mafoloko awiri, zonse ndazidontheza kyuteksi wofiira kuti zizidziwika. Mwanaidi akuti khitchini yasanduka chipatala.

Lachiwiri, 11 Novembala

Mapoto, mapoto, mapoto. Mawa ndili pa ofu.

Lachitatu, 12 Novembala

Ndalawirira. Mchere, shuga wofiirira, papulika, adyo, tsabola, ndapaka nyama yonse n'kuisiya ipume maola atatu. Ndakazinga zidutswa mpaka zachita khungu, anyezi awiri, tomato, viniga pang'ono, madzi kapu imodzi. Ndatseka poto ndikuimba nyimbo ya kwaya imene ndimaganiza kuti ndinaiwala.

Kenako poto wayamba kulavula nthunzi m'mbali monse. Kutsegula, kampira kozungulira m'chivindikiro kaja ndi kong'ambika. Mayi wa ku Kenya uja Mulungu amuyendetse bwino, ndege yake igwedezeke pang'ono.

Nyama ili kale pamoto, dzuwa lili paliwombo, Mwanaidi ali kusaluni mpaka madzulo. Poto wake ali pamwamba pa kabati, akundiyang'ana. Poto sindinamutenge, izi zilembedwe. Ndatenga kampira kokha. Ndinadziuza kuti kampira sikakhudza nyama, kamangokumana ndi nthunzi, ndipo nthunzi ndi madzi. Aliyense amene anafika chaka chachiwiri amadziwa zimenezi.

Ola limodzi ndi mphindi khumi. Nditatsegula, nyama inangogwa yokha, mafoloko osavutika n'komwe. Khala ndayatsa pa gasi, mafuta tho, utsi tolo, ndavindikiranso mphindi khumi. Mayo ine. Fungo la pamsika wa Mitundu tsiku la msika, pamene tinkathawa kalasi kukadya yootcha titaimirira, mchere ndi tsabola zili pa kanyuzipepala. Ndadya ndi buledi wa Aluya uja wopyapyala, nditaimiriranso, msuzi ukuyenderera m'chigongono.

Makontena khumi ndi awiri, tsiku ndalemba pa chivindikiro chilichonse. Kampira ndakatsuka katatu ndi sopo, ndakapukuta, ndakabwezera. Mawindo ndinatsegula onse. Mwanaidi pobwera wangoti nyumba ikununkha ngati kudepoti.

Lachinayi, 13 Novembala

Ndamutumizira Aubrey chithunzi cha makontena. Wayankha kuti ndinayenera kukhala shefu. Ndikudziwa chimene ndinayenera kukhala, bambo, sindinakufunse.

Mwanaidi ali kubafa ndakwera pampando kukanunkhiza kampira. Utsi ulipo. Osati wambiri, koma ulipo. Poweruka ndadzera m'masitolo awiri a ziwiya kufuna katsopano. Woyamba akuti mafi, kulibe. Wachiwiri akuti sabata yamawa, inshallah, ndipo inshallah wa m'sitolo ndimamudziwa.

Kontena yoyamba yatha. Yozizira n'kutenthetsa ikukoma kuposa dzulo.

Lachisanu, 14 Novembala

Lachisanu timadya limodzi, mbale imodzi, chiyambire. Mwanaidi amaphika nyemba ndi mpunga wa kokonati, ine ndimatsuka n'kumanyoza mabwana onse mmodzimmodzi, iye akuseka. Ndinaiwala kuti nyemba amaphikira mu poto wa pulesha. Ayi, sindinaiwale. Ndimayembekeza kuti mwina lero aphika nkhuku.

Watsegula poto, watapa pang'ono ndi sipuni kulawa mchere, waima. Wanunkhiza chivindikiro.

"Aprofesa, nyemba zangazi zayendera kuti?"

Ndikanatha kunena kuti ndi fungo la m'nyumba. Bodza sindinanene, koma ndanena choipa kuposa bodza. Ndayamba kufotokoza za nthunzi, za kutentha kumene kumapha chilichonse, za sopo katatu. Ndimadzimva ndekha mawu akukwera ngati ndili kutsogolo kwa kalasi.

Wandidikira ndimalize. Kenako, motsitsa: "Sindinakufunseni za sukulu. Ine ndalawa."

Wakachukucha m'kamwa nthawi yaitali. Nyemba wazikhuthulira m'beseni langa la kyuteksi, akuti chakudya sataya, ndidye ndine. Mpunga wadya wokhawokha, atakhala pabedi pake. Madzulo waimbira Aisha, msuweni wake uja, m'Chiyao, ndipo Chiyao changa n'chochepa koma Al Asmakh ndaimva kawiri. Watsitsa sutikesi pamwamba pa wadulobu.

Nyembazo n'zokoma. Zandikwiyitsa kwambiri.

Loweruka, 15 Novembala

M'basi yonse ndimakangana naye m'mutu ndipo ndimapambana. Kampira. Munthu kusamuka chifukwa cha kampira. Apite, ndipeza wina. Ndiye ndinayamba kuwerenga amene angandipirire, ndinafika pa Maness wochapa zovala kuntchito, amene amapemphera mofuula m'bandakucha, ndinasiya kuwerenga.

Pageti la antchito pali a Shaibu, alonda, bambo wa ku Machinga wa imvi m'ndevu. Ndinawapatsa moni wautali kuposa masiku onse mpaka anadabwa. Ndinati pali mnzanga wina wake amene walakwitsa zakutizakuti, kodi chiwiya choterocho chimatayidwa? Anaseka mpaka wailesi yawo ya m'manja inagwa.

"Mnzanuyo dzina lake ndi Esnat?"

Akuti kwawo anaphunzitsidwa kuti chiwiya sataya. Amachitsuka kasanu n'kawiri, ndipo kamodzi mwa maulendo amenewo ndi madzi osakaniza dothi. Dothi lenileni, loyera, osati mankhwala otsukira a kuhotelo. Kampirako akuti ndingogula kena, mphira imasunga fungo ngati mmene mkazi wamkulu amasungira chakukhosi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za sopo, ndinatsekanso. Anandiuzanso sitolo ya Mpakistani ina yogulitsa zipangizo za mapoto, kuseri kwa msikiti. Ku Al Asmakh, mwa malo onse.

"Koma mwanangu, dothilo ndi la poto. Mwiniwake dothi silimufika."

Ndinati ndamva, bambo. Mlonda kundiphunzitsa ine. Ndipo amanena zoona, n'chimene chikuwawa.

Lamulungu, 16 Novembala

Ndasinthana shifiti ndi Maness, ndimupatsa makontena awiri. Kampira ndakapeza, katsopano, kali m'pepala lake. Ndinapita ndi chivindikiro changa kukayeza kuti Mpakistani asandipusitse.

Dothi ndiye linavuta. Dziko lonseli ndi chipululu, koma ukalifuna dothi umangoona simenti ndi matailosi. Ndinakalipeza pamalo pamene akumanga nyumba kuseri kwathu, ndinakumba pansi ndithu ndi sipuni kuti ndipeze loyera, n'kudzaza chitini cha yogati. Amuna atatu a zipewa zachikasu anasiya ntchito kundionerera. Mmodzi anafunsa ngati madamu ataya ndolo. Ndinamuyankha m'Chichewa, ndipo ndi bwino kuti sanamve.

Kunyumba sutikesi ili pabedi, yodzaza theka. Ndatsitsa poto wake, chivindikiro, sipuni imene analawira, chikombe chimene anavundulira, ndaika zonse musinki. Ndasungunula dothi m'madzi. Mwanaidi anabwera kudzaima pakhomo la khitchini, kenako anakoka mpando n'kukhala, manja atapinda.

Ine wotsuka mapoto mazana pa tsiku, ndinayamba kutsuka poto mmodzi Mwanaidi akundiwerengera.

"Kamodzi," anatero.

Matope m'poto, m'chivindikiro, m'kabowo ka nthunzi. Kawiri. Katatu. Amawerenga ngati mphunzitsi wa sitandade wani. Pa kachinayi anati ndathamanga, chogwirira sichinanyowe, ndibwereze. Ndinabwereza osayankha, ndipo ndikuganiza kuti zimenezi zinamudabwitsa kuposa dothi.

Pa kachisanu n'chimodzi ndinatseka mpopi. Sindinatembenuke.

"Achemwali, munandiuza ndipo ndinamva. Ndinatenga dala. Pepani."

Kunja wina ankaliza hutala.

"Ndamva, Aprofesa. Kwatsala kamodzi."

Ndinatsegulanso mpopi. Anadzuka pampando, anatenga kansalu kake kopukutira mbale, nadzaima pambali panga kudikira poto.